Anazimitsa Ndani Kompyutayi?

"Anazimitsa ndani kompyutayi?" anafunsa a Fackson, mnzawo wa kuntchito wa malemu amuna anga, a Gracious.

Anabwera kuchokera ku Blantyre ndi kadisiki m'thumba la malaya. Anati makina a ku ofesi anajambula zonse zimene a Gracious anatumiza pa waya wa foni m'mawa uja, asanatuluke m'nyumba kulowera ku mlatho wa Zalewa. Mtembo wawo unapezeka mu Shire.

Anayatsa kompyutayo n'kulowetsa kadisikiko. Pagalasi panadzaza manambala ndi zilembo zosawerengeka, ngati nyerere zobalalika.

"Mawu awo ndi amenewa, mayi, koma ndi okhoma. Kiyi wake amakhala m'kompyutamu ikadali chiyakire. Ikangozima, amafufutika basi."

"Kiyi wina palibe?"

"Palibe. Ngakhale ku ofesi."

Ndinayang'ana soketi ya pakhoma. Tsiku lija uthenga utafika, azimayi a kumpingo anayamba kutulutsa mipando kuti tiyale mphasa za olira. Kompyuta inali ikulirabe pakona, momwe a Gracious anaisiyira. Panyumba ya maliro sipalira ngakhale wailesi, ndiye ndinazula chingwe, n'kuifunditsa chitenje.

"Anazimitsa ndani?" anabwereza, motsitsa mawu.

"Ine."

Anatambasula dzanja kuti atulutse kadisiki kaja.

"Kasiyeni," ndinatero.

Ndinakoka mpando wa a Gracious n'kukhala. Ndinaika chala pagalasi, pamzere woyamba, ndipo ndinayamba kutsata chilembo chimodzichimodzi.