Mawu a Orton M'laputopu

Tabitha anakhala pa benchi m'kashopu ka Lexon ku Old Town, laputopu ili pamiyendo, atayikulunga m'chitenje. Panja oitanira minibasi ankakuwa, koma iye sankawamva. Chimwalirireni mwamuna wake, Orton, ankangoyenda ngati munthu wotumidwa. Kudya ankadya, kuntchito ankapita, koma mumtima munali zii.

M'laputopumo munali mawu a Orton. Matenda atamugoneka, ankadzijambula akuimba nyimbo za kutchalitchi m'Chitumbuka, kwinaku akulankhula ndi mwana wawo Wiza, yemwe panthawiyo anali asanayambe n'kukwawa komwe. Maliro atatha ku Rumphi, abale anagawana katundu, ndipo laputopu inapita ndi mlamu wa Tabitha, Vitu. Akuluakulu a mpingo atalowererapo, Vitu anaibweza. Koma anaibweza ili mbee, yopanda ngakhale chithunzi chimodzi. Munthu ameneyu manyazi analibe.

"Mundipirire pang'ono, mayi," anatero Lexon, maso ali pa kompyuta yake. "Fulashi yanga ya zida anapita nayo kasitomala wina, ndiye ndikukonza ina. Popanda imeneyi sindingagwire makina a munthu."

Tabitha anangogwedeza mutu. Chala chake chinali pansi pa laputopu, chikukanda kadontho kofiira komwe anakaona dzulo lake. Ankaganiza kuti ndi Wiza, yemwe tsopano ankayenda, ndi zopakapaka zake. Kadonthoko kankakana kuchoka.

Fulashi yatsopanoyo inali yaing'ono, choncho Lexon ankasankha mapulogalamu oikamo ngati mayi wa pamsika posankha tomato. Ankalankhula yekha, mwina kuti chete asachuluke. Anayamba ndi pulogalamu yodzutsira kompyuta yomwe yakana kuyaka. Kenako anaika yosaka mavairasi, ndi ina yoyeza ngati disiki ikudwala. Yotsegulira makina oiwalika pasiwedi anaiika akuseka, nati mabwana a ku City Centre ndiwo amamudyetsa ndi kuiwala kwawoko. Ina yaikulu, yodzaza ndi zinthu zomwe sazigwiritsa ntchito kawirikawiri, anaiyang'ana, n'kuisiya. Yokopera disiki yonse anaiika mosaganiza kawiri.

"Ndisanayambe kufukula, ndimayamba ndakopera," anatero. "Ndikalakwitsa, ndilakwitse pa kope, osati pa katundu wa mwini wake."

Atafika pa zobwezeretsa mafailo ofufutidwa, anapeza kuti ali nazo ziwiri. Imodzi inali yachangu, ina yochedwa koma yofika pansi. Anaziika zonse.

"Izi ndiye zanu, mayi."

"Zingabwerere?" Tabitha anafunsa. Mawu ake anatuluka opanda moyo, ngati akufunsa mtengo wa sopo.

"Kufomata si kufufuta," anatero Lexon. "Kuli ngati kuchotsa manambala pa zitseko za nyumba za lendi. Anthu amakhala adakali m'katimo, kungoti simudziwa kuti uje ali khomo liti. Ine ndimagogoda khomo lililonse. Mwezi watha ndinabwezeretsa zithunzi za ukwati za amayi ena a ku Area 12. Analira pomwe mwakhalapo."

Pakona pa tebulo panali laputopu ina, yakuda, yomwe mzere wobiriwira unkayenda pang'onopang'ono pa sikirini yake. Tabitha anaiyang'ana chifukwa panalibe china choti ayang'ane.

"Iyo ndi nkhani ina," anatero Lexon atamuona. "Mwini wake akuigulitsa, ndiye akufuna isatsale ndi kanthu. Pulogalamu imeneyo imalemba ziro pamwamba pa chilichonse, kuyambira koyambirira mpaka kumapeto. Ikadutsa, ngakhale mutapita nayo ku Joni, palibe chingatuluke. Koma musade nkhawa. Anyamata a m'tauni muno alibe nayo nthawi, imadya tsiku lonse. Amangofomata, basi. Alamu anuwo ayenera kuti anapita kwa oterowo. Imeneyi pa fulashi sindiika n'komwe, ndimaopa kudina molakwika kunyumba kwa munthu."

Apa m'pamene china chake chinagwedezeka mwa Tabitha, koyamba chichokereni ku Rumphi. Sichinali chimwemwe, ayi. Anangoona Wiza atakula, atavala yunifolomu, akumvetsera bambo ake akumutchula dzina. Iye mwini anali atayamba kuiwala mmene Orton ankasekera, ndipo zimenezi zinkamuopsa kuposa imfa yeniyeniyo. Anakumbatira laputopu ija mwamphamvu.

Fulashi inadzaza. Lexon anaizula, anaiuzira ngati ili ndi fumbi, n'kuipachika m'khosi ndi kachingwe.

"Tsopano tayamba ntchito. Ndingochotsa iyi patebulo, yanu ipeze malo."

Mzere wobiriwira uja unali utafika kumapeto. Lexon anazimitsa laputopu yakuda ija n'kuitembenuza chafufumimba. Anatsegula dirowa, natulutsa kabotolo ka kyuteksi, utoto wopaka m'zikhadabo uja.

"Mkazi wanga mpaka lero akukafunafuna," anatero akumwetulira, uku akudonthezera kadontho kofiira pansi pa makinawo. "N'chizindikiro changa ichi. Iliyonse yomwe ndaipukuta ndi ziro ndimaidinda, kuti ikadzabweranso ndisadzataye nthawi kufunafuna zomwe kulibe. Bweretsani yanuyo, mayi."

Tabitha sanasunthe. Chala chake chinali chitasiya kukanda.