Mayi Wosankha Zipsera

Kuyambira m'mawa mmisiri wofufuta zikopa sanakhazikike. Anasesa shedi kawiri, anasamba m'manja katatu, koma fungo la zikopa linamukakamira ngati nkhupakupa. Atavala malaya oyera, ankangoti kukhala pansi pang'ono, nyamu, kukasuzumira pageti. Linali Lachinayi, tsiku lobwera mayi uja.

Mayiyo, wamasiye wooneka bwino, anayamba kubwera miyezi iwiri yapitayo kudzapempha zidutswa zotsala podula zikopa. Opempha zidutswa analipo ambiri. Wosoka nsapato ankafuna zigamba, wokonza mipope ankadulapo mawashala. Iwo ankangotola n'kumapita. Koma uyu ayi! Ankagwada pamulupo ola lathunthu, kutembenuza kachidutswa kalikonse, n'kusankha zoipitsitsa: zija za zipsera, pamene eni ng'ombe anawotcha chizindikiro chawo ndi chitsulo chamoto. Malo otere mmisiri ankadula n'kutaya, poti lamba wa chipsera angagule ndani?

"Nanga zimenezo n'zachiyani, mayi?" anafunsa tsiku lina.

"Ndili nazo ntchito, bambo," anayankha mayiyo akumwetulira. Kenako mafunso mbwee. Mumakhala ndi ndani? Zikopa zabwino chonchi amakubweretserani ndani? Amabwera liti?

Mmisiri sanali mwana. Mkazi wofunsa chonchi n'kumati akufuna zidutswa? Bodza limenelo! Zaka zinayi akudziphikira yekha zinamukwana, ndipo iye anamukonda mayiyo zenizeni. Anamuuza zonse, mpaka za mlamu wake amene ankamubweretsera zikopa zaziwisi Lachinayi lililonse, pamtengo wachibale.

Sabata yatha anatolera zipsera zonse m'thumba, nampatsa mayiyo ngati mphatso. Mayiyo anakhuthula, natola chimodzi, n'kuchiyang'anitsitsa, misozi ili lengelenge.

"Lachinayi ndibwera ndi anthu awiri," anatero motsitsa mawu. "Alamu anuwo asachoke msanga."

Anthu awiri! Ndiye kuti achibale, kudzaona mwamuna woti amukwatire. Lero mmisiri anali atatsimikiza kuti alankhula zakukhosi pamaso pawo, zivute zitani.

"Alamu, ine ndichedwatu," anadandaula mlamu uja ali pabenchi.

"Khalani pansi inu, mudzakhale mboni yanga!"

Geti linalira. Mayi uja analowa, kumbuyo kwake amuna awiri a majekete, nkhope zili gwa. Mmisiri anawathamangira, dzanja lili patsogolo.

"Takulandirani! Awa ndiye achimwene anu?"

Mayiyo sanamwetulire. Anatulutsa kachidutswa kaja m'chikwama, nakakweza m'mwamba.

"Chizindikiro ichi anawotcha ndi malemu amuna anga," anatero, "pa ng'ombe zathu zisanu zimene zinabedwa m'khola."

Mmodzi wa amuna aja anapisa m'jekete natulutsa maunyolo a apolisi. Maunyolowo anali awiri.