Telala amene ankasunga mkaka

Panali mayi wina, telala, amene shopu yake inali kachipinda kamodzi koyang'ana kumsewu. Nkhaniyi ndinaimva kwa munthu amene ankasoketsa kumeneko, ndipo chiimvereni mtima wanga sunakhale m'malo.

Mayiyu anabereka mwana wake woyamba, wamwamuna. Tsiku lotuluka m'chipatala anadandaula kwa namwino: "Mayi, mkaka sukutuluka. Ndikafinya, timadontho tachikasu basi."

"Timadontho timeneto ndiye chakudya chake," anatero namwino. "Kamimba kake n'kakang'ono. Muzimuyamwitsa pafupipafupi, chifukwa akamayamwa m'pamene mkaka umabwera. Akagona nthawi yaitali mudzutseni. Muziyang'ananso matewera. Akamakhala ouma, bwerani msanga."

Telala anavomera ndi mutu, koma mumtima anati awa akungondithamangitsa, bedili akufuna apatse wina.

Mwamuna wake anali dalaivala wa lole ndipo anali pa ulendo wa milungu iwiri. Mwana atakwanitsa masiku asanu, telala anatsegula shopu poti panali mayunifolomu oti amalize. Anamugoneka pa mulu wa nsalu pambali pa makina. Mwana ankalira, eee, mpaka mawu kusasa. Akamuika kubere ankayamwa pang'ono, n'kusiya, n'kuyambiranso kulira. Nayenso mayi misozi inali chuchuchu.

Masana amenewo kunalowa mzimayi wachilendo, wotchena bwino, atanyamula diresi yoti aipinde m'munsi. Anayang'ana mwana, anayang'ana mayi.

"Asisi, woyamba eti? Mukumuyamwitsa kangati?"

"Nthawi iliyonse akalira."

"Ndiye vuto ndi limenelo! Mkaka udzaza bwanji mukungoukokota? Usungeni. Bere limafuna kulisiya lidzaze. M'mawa kamodzi, madzulo kamodzi, pakatipa muzimupatsa madzi a shuga ndi sipuni. Ine ndalera asanu."

Mawu aja anamveka anzeru, inu. Ndani sadziwa kuti thanki imadzaza ukatseka mpopi? Mzimayiyo anasiya diresi yake nati adzatenga mawa. Dzina sananene, ndipo sanabwerenso.

Telala anayamba kusunga mkaka. Tsiku loyamba mwana analira mpaka iye ankapalasa makina mwamphamvu kuti asamve. Lachiwiri analira pang'ono. Lachitatu anangoti zii. Mabere nawo anauma gwa, kulemera, kuwawa, ndipo iye anasangalala kuti ayamba kudzaza.

Makasitomala ankasuzumira pa nsalu paja. "Koma ndiye muli ndi mwayi! Mwana wofatsa chonchi? Wanga sankandipatsa mpata ngakhale wosamba." Telala ankamwetulira monyada. Ngakhale zochapa zinachepa: thewera limodzi, tsiku lonse. Mawu a namwino anawakumbukira ndithu, ndisamunamizire kuti anaiwala. Anangoona kuti mwana wasiya kulira, basi, n'kuwaponyera kunkhongo.

Tsiku lachinayi kunabwera mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake uja, kudzaona mwana.

"Alamu, bwana wathuyu ndi wamwano eti? Sadzukira alendo?" anatero akuseka.

Anamunyamula, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Mwana anali wopepuka ngati kamalaya kopanda munthu. Timilomo touma, liwombo litalowa, mutu uli lende.

"Wayamwa liti?"

"M'mawa ndinamuika, koma sanakoke. Ali ndi tulo. Ndi wofatsa ameneyu."

"Kufatsa? Alamu, mwanayu alibe mphamvu zolirira! Tsekani shopu, tiyeni!"

M'galimoto yopita kuchipatala telala anatulutsa bere lija analisunga. "Yamwa bambo, wadzaza tsopano. Yamwa." Mwana sanatsegule pakamwa.

Kuchipatala anapeza namwino yemwe uja. Namwinoyo sanamukalipire telala, mwinatu zikanakhala bwino akanamukalipira. Anangofunsa motsitsa mawu, uku akuthamanga ndi mwana: "Matewera anayamba liti kuuma?"

"Dzulo... kapena dzana lija."

Madokotala anayesetsa, koma dzuwa lisanalowe mwana anatsirizika. Anali ndi masiku asanu ndi anayi. Dzina analibe, ankadikira bambo ake kuti adzamutche akabwerako ku ulendo. Bamboyo anafikira pamaliro.

Patapita masiku awiri chiikireni maliro, telala anathawa m'nyumba, poti munali zii woopsa, n'kupita kushopu. Anakhala pamakina, nayamba kusoka kolala ya yunifolomu. Panja panadutsa mayi wina atabereka khanda, khandalo likulira ndi mphamvu zake zonse, kulira kwa mwana wamoyo. Telala anangomva kutentha pachifuwa. Bulauzi yonse inanyowa. Mkaka unayamba kudontha pansalu, dontho, dontho, kenako kuchucha.

Anatenga kapu yake ya tiyi n'kuyamba kufinyira. Inadzaza mpaka pakamwa.

Wosoketsa amene anandiuza nkhaniyi analowa nthawi imeneyo. Akuti anamupeza ataima pakati pa shopu, kapu ili m'manja onse awiri, akuyang'ana uku ndi uku. Telala atamuona anamufunsa ndi mawu abwinobwino, ngati akufunsa za muyezo wa siketi: "Ndimupatse ndani?"

Phunziro: Mkaka wa m'mawere susungidwa, abale anga. Mwana akamayamwa pafupipafupi m'pamene umachuluka, ukamausiya umachepa. Khanda limene langoti zii, losadzuka kuti liyamwe, matewera ali ouma, musalitame kuti ndi lofatsa, thamangani nalo kuchipatala. Mukakayikira kuti mkaka wachepa, bwererani kwa namwino, osati kwa munthu wongodutsa amene simudzamuonanso. Tumizirani mayi aliyense woyembekezera kapena wa khanda amene mukumudziwa, ndi amuna omwe, lero lomwe.