Mayi amene analemba sukulu imodzi yokha pa fomu

Panali mayi wina ku Edmonton, kutsidya kwa nyanja, dzina lake Gladys, wochokera ku Chipata, wogwira ntchito yosamalira okalamba. Nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo ine imandinyansa ndikaikumbuka.

Mwana wake wamkazi, Chiyamiko, ankamaliza pulayimale. Fomu ya khonsolo yopemphera malo imalola kholo kulemba masukulu a sekondale asanu ndi imodzi. Pafupi ndi nyumba yawo panali sukulu yabwinobwino, yoyenda pansi mphindi zisanu. Koma Gladys atawerenga pa intaneti kuti ana ambiri pasukulupo salankhula Chingerezi kunyumba kwawo, anakwinya nkhope.

"Iyi sukulu yazula ma foreigner," anatero, kutanthauza kuti yadzaza alendo. "Mwana wanga sangayendeko."

Tangomvani! Munthu woti anatsika ndege dzana lomweli ndi kapenta m'chikwama!

Mtima wake unali pa sukulu ina yakutali, yotsogola pa mndandanda wa masukulu okhoza bwino. Pa gulu la WhatsApp, bambo wina wodzitcha Uncle Biswick, amene palibe anamuonapo nkhope, anamulangiza kuti, "Sister, lembani one school chabe. Council izasowa choice, bazakupasani yamene iyo."

Mlamu wake Ellen, amene amathandiza aphunzitsi m'kalasi, anamuchonderera. "Amake Chiya, lembani zonse six. Ija sukulu batenga bana bokhala pafupi. Iyi yapafupi onani bwino ma results, bana bangena osaziba English koma bachoka na ma grade yabwino."

"Ni jealous chabe," anayankha Gladys. "Mufuna wanga ankhale monga banu."

Gladys analemba sukulu imodzi yokha, mizere isanu n'kuisiya yoyera, ngati akusunga inki.

Mu Malichi yankho linabwera. Kusukulu yotchuka ija malo kunalibe. Yapafupi ija inali itadzaza. Khonsolo inapatsa Chiyamiko malo amene anatsala, pa sukulu yokwerera mabasi awiri, yokhoza moperewera kuposa imene mayi ake ankainyoza.

Gladys anathamangira kusukulu yapafupi, manja kumbuyo. Mlembi anamuuza mwaulemu kuti mwanayo ndi wa nambala 87 pa odikira. Gladys atamulembera Biswick, iye anangoti, "Sorry sister, kuli benangu inasebenza," n'kutuluka m'gulumo.

Tsiku lotsegulira sukulu, Gladys anaperekeza mwana kokwerera basi m'mamawa, mvula ikuwaza. Anzake onse a mwanayo a ku pulayimale anali asanadzuke n'komwe. Basi itatulukira, Chiyamiko anatembenuka n'kufunsa m'Chingerezi kuti, "Mummy, zaka zisanu zonse ndizikwera ndekha chonchi?"

Gladys anangomukonza kolala ya yunifolomu.

Phunziro: Makolo anzanga, dzazani fomu yonse, ndipo pitani mukaione sukulu ndi maso anu musanainyoze chifukwa cha kumene ana ake anachokera. Nzeru za munthu wosamudziwa zikalephera, amene amanyowa pa basi ndi mwana wanu. Tumizani uthengawu kwa aliyense amene mwana wake ali mu Year 6, kalasi yomaliza ya pulayimale, fomuyi isanatsekedwe kumapeto kwa Okutobala!