Chala cha Foster ndi Dokotala Wosagoneka Anthu

Panali munthu wina dzina lake Foster, mlonda wa pa nyumba ina yosanja ku Al Nahda, kudziko la Aluya. Tsiku lina geti linamupana chala chamkombaphala. Chinatupa, chinayamba mafinya, ndipo kukiliniki anamuuza kuti pakufunika opaleshoni.

Foster atangomva mawuwo anatuluka osatsanzika. Bambo ake anawagoneka tulo pa opaleshoni kuchipatala kwathu ndipo sanadzukenso.

"Ine zogonekedwa ayi," anauza mnzake wogona naye chipinda chimodzi, Victor. "Ndikafera kuno, maliro anga adzanyamula ndani?"

Ndiye taonani nzeru za munthu wamkulu ndevu pepeya. Anavala gulovu kuti abwana asaone, n'kupita kwa wometa tsitsi wina amene sankamudziwa n'komwe dzina. "No problem, habibi, bwenzi langa," anatero wometayo. Anaika ayezi pachalapo, n'kucheka ndi lezala.

Patatha masiku anayi dzanja lonse linali ngati chinangwa, thupi moto. Victor sanafunsenso. "Yalla, tiyeni kuchipatala achimwene, mukufuna alidule lonse?"

Kuchipatala anapeza dokotala wa imvi, a Chisanga, a ku Chipata. Foster anayamba kulira asanamugwire n'komwe.

"Nindani wakuuzani kuti nizamugonekani?" anafunsa dokotalayo. Anapinda malaya, n'kumuonetsa timabala tambirimbiri pamkono. "Nili mnyamata n'nasebenza ku chipatala cha kumunzi, kulibe makina. Mzimayi wina n'namugoneka, sanauke. N'nalumbira. Jakisoni wa dzanzi uyu n'nayamba kuzilasa nekha, kufuna kuziba polasa peni-peni. Nikalibe kugwira munthu, n'nayesa pa ine."

Anamubaya pafupi ndi khosi, n'kutchinga dzanjalo ndi nsalu. Kenako anayamba kumufunsa za mpira, za ana, za mvula ya kwawo ku Mchinji. Foster anayankha zonse, maso ali gwa padenga, akudikira ululu.

"Adokotala, muyamba nthawi yanji?"

"Khalas, bambo. Tasiliza."

Atachotsa nsalu, dzanja linalipo. Chala chija panalibe.

"Sembe munabwela tsiku loyamba, na chala sembe chilipo," anatero a Chisanga motsitsa mawu.

Foster anayang'ana zala zinayi zotsalazo nthawi yaitali. Kenako anatsika pabedi, anagwada pansi, nafuna kuwomba m'manja mwaulemu monga timachitira kwathu. Bandeji inamuletsa, ndiye anangodziguguda pachifuwa ndi dzanja linalo.

"Zikomo, bambo. Zikomo."

Phunziro: Abale, si opaleshoni iliyonse imene amagoneka munthu. Ngati muli ndi mantha, nenani kwa dokotala, musathawire kwa wa lezala. Ndipo tiziyamika anthu amene anapereka matupi awo kuti ife tisamve kuwawa. Mulungu awasunge a Chisanga. Tumizani uthengawu ku gulu la kuntchito kwanu, chifukwa pali wina amene akubisa bala mugulovu lero lino.