Kugogoda Katatu Pawindo la Khitchini

Kalatayo inagwa kuchokera pa tsamba 112, pomwe mnyamata wa m'nkhaniyo ankati agwire dzanja la mtsikana. Namabuku anaitola msangamsanga.

Inalembedwa m'zilembo zikuluzikulu, ngati za munthu wosafuna kudziwika: "DUWA LANGA, NDATOPA KUKUYANG'ANA NGATI MLENDO PAMASO PA ANTHU. LACHISANU 5 KOLOKO MADZULO UKHALE WEKHA M'KHITCHINI. NDIDZAGOGODA KATATU PAWINDO."

Dzina panalibe, koma dzinalo la chiyani? Bukulo analibwereka ku laibulale Lolemba, ndipo anadinda deti ndi Wamagalasi, mnyamata wamanyazi uja amene kwa miyezi itatu sananenepo china choposa "mubweze nthawi yake isanakwane". Kani m'kati munkayaka moto wotere! Nanga windo la khitchini analidziwa bwanji? Ndiye kuti amamutsatira chapatali mpaka kunyumba. Namabuku anakumbatira pilo n'kukuwira momwemo.

Kenaka anakumbukira chinthu china. M'nyumba mwawo buku limayenda motsata ukulu: Bambo ayambe, Amayi atsatire, iye chitsiriza alandire litafota makona. Bukuli linakhala masiku anayi kuchipinda kwa makolo, mpaka m'mawawo iye atalephera kupirira anakaliba. Mwayi wake Bambo amawerenga chala chili pamzere, masamba khumi pa tsiku. Akanafika pa 112, bwenzi magalasi a mwana wa eni ali zidutswazidutswa.

Ndipo Lachisanu lake linali lomwelo.

Pofika hafu pasiti folo anali atasamba kawiri. Anavala diresi yachikasu, nalowa m'khitchini n'kuyamba kutsuka makapu oyera kale. Ankayeseza nkhope. Adabwe pang'ono? Agwetse maso? Atsikana a m'mabuku amakomoka, koma simenti ya m'khitchinimo inali yolimba.

Kutatsala mphindi khumi ndi zisanu, chitseko chinatseguka. Amayi. Anali atavala diresi yawo ya mabatani agolide, akununkhira perefyumu mpaka anyezi anasowa mawu.

"Iwe, ukutani muno?"

"Ndikutsuka makapu, Amayi."

"Iweyo? Chimalizireni sukulu siponji sunaikhudzepo. Wadwala?"

"Ndasintha."

"Kasinthire kuchipinda kwako. Tenga buku ukawerenge."

Kapu inatsala pang'ono kupulumuka m'manja. Chibadwire chake, mawu a Amayi anali amodzi okha: tula bukulo, kasese. Lero akumutuma kukawerenga? Ndiye kuti Bambo sanafike pa 112, koma Amayi anafikapo. Akufuna atsale okha kuti amugwire ndi manja awo. Ndipo taonani pomwe aima: pafupi penipeni ndi chiwaya chachikulu.

"Mwatchenatu. Simukupita kumsonkhano wa amayi?"

"Aulepheretsa."

"Zovala zili pachingwe, Amayi. Mvula ikubwera."

Amayi anasuzumira kumwamba. Kunalibe ngakhale kamtambo kongoyerekeza.

"Ikabwera ukazianule ndiwe. Ndipotu machesi atha, thamangira kugolosale."

"Alipo mabokosi atatu."

"Amenewo ndi ozizira."

Namabuku anayatsa kamtengo kamodzi. Kanayaka bwinobwino, mopanda manyazi. Amayi anakayang'ana ngati kawatukwana.

Wotchi ya pakhoma inkayenda mokoka miyendo. Namabuku anatsuka kapu imodzimodziyo kachinayi. Amayi anapukuta tebulo louma, kenaka anakonza tsitsi akudziyang'anira pa chivundikiro cha poto. Akukonzekera nkhondo, anaganiza Namabuku, ndipo misozi inalengeza. Mnyamata woonda chonchija, chiwaya chimodzi chokha basi, laibulale itseka mwezi wathunthu. Ndipo adzamulemberanso ndani? Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akudikira kalata ngati imeneyi!

"Mwana iwe, ndikukupempha mwaulemu. Tuluka."

"Sindituluka, Amayi. Mundimenye ine."

"Ndikumenyerenji? Wapenga?"

Go. Go. Go.

Amayi anasuntha, koma Namabuku anali ndi miyendo yachitsikana. Analumpha ndowa, nagunda mpando, natsegula windo ndi manja a thovu, maso atatsinzina.

"Thawani! Amayi ali muno!"

Atatsegula maso, pansi pa windo panaima Bambo, atavala jekete la paukwati wawo limene linasiya kalekale kumanga mabatani, maluwa atatu ofota ali m'manja.

"Ndikudziwa kuti ali momwemo, ndawaitana ndine," anatero akukonza tayi. "Tapatuka iwe, ukunditchingira duwa langa."