Bibiana Atsikira ku Mbamba

"Apa ndi pamlatho, make Marselina. Wamitengo uja unapita ndi madzi, uwu ndi wa boma. Tiyeni tiwoloke."

Bibiana sanayankhe, ndipo Severin sanadabwe. Mkazi wakeyo ankamudziwa bwino, mayi wamakani komanso wansanje yosayamba. Boma la ujamaa, lija lofuna kuti anthu azikhala ndi kulima pamodzi, litalamula kuti onse a kumapiri atsikire m'midzi yamizere, malole ananyamula mbuzi, mitondo, ana ndi zidzukulu. Bibiana yekha ndiye anatsala kumabwinja. Chisamukireni, m'nyumba yatsopanoyo munalibe mtendere. Kamdzukulu kankangodwaladwala, ndipo Marselina, mwana wawo, anali atatha ndi kulira amake. Ndiye lero Severin anakamutenga, atamupempha chogwada m'mawa wonse.

Mlamu wake anali atamuchenjeza: "Mlongo wangayu mukumudziwa. Panjira muzilankhula ndi iye yekha. Mukangoyankha munthu wina, kaya kucheuka, wabwerera, ndipo kachiwiri sadzalola."

Dzuwa linali paliwombo pamene Mbamba inaonekera, phee ngati mudzi wothawidwa. Ngakhale agalu sanauwe.

"Ndi imeneyo Mbamba yanu ija," anatero Severin. "Migwalangwa ndi mitengo ya mango ikadali yomwe ija. Taonani miyala ija yosanjikizana kugombe, imene munkati tsiku lina idzagwera asodzi. Mpaka lero sinagwe, mwaona? Uko ndi kudoko. Sitima imaima patali, anthu n'kumabwera pa boti, madengu kumutu, nkhuku m'khwapa. Chilumba chikuoneka mwa chizimezimecho ndi Lundo, kumene akale ankasiya akhate. Musayang'aneko kwambiri, kumeneko si kwathu."

Mawu ake ankamveka okhaokha mumsewumo. Mantha anali nawo, osanama, koma mantha aakulu anali oti afike pakhomo ali yekha.

Patchalitchi anafulumiza mapazi. "Pano tisachedwepo. Wansembe akationa ayamba mafunso, ndiye ine ndidzatani? Belu ndi lomwe lija la tsiku la ukwati wathu. Msewu ukukwera phiriwo ndi wa ku Mbinga, nthawi ya dzinja lole imagona m'matope mlungu wathunthu. Iyi ndi sitolo ya ushirika, ya tonsefe akuti. Sopo mulibe, shuga mulibe, koma mbendera ndiye yatsopano!"

Anaseka yekha. Kale Bibiana akanaseka mpaka kugwira nthiti.

Pamsika, amayi oyanika usipa anawaona. Wina anakoka mwana wake kumuchotsa m'njira, wina anagwada n'kuweramitsa mutu. Palibe anapereka moni. Severin anawathokoza chamumtima, poti awa anali anthu odziwa mwambo.

Koma mbuli sizisowa pamudzi.

"Wewe, mzee! Simama!"

Anali Cornel, mgambo, mmodzi wa asilikali a m'mudzi aja oyenda ndi ndodo, akukuwa m'Chiswahili kuti mkuluyo aime. Mwana wadzulodzuloli, wochokera kutali, nsapato zokha kukula.

"Lero ndi tsiku la munda wa ujamaa," anatero Cornel m'Chinyanja chake chothyokathyoka. "Anzako ali ndi makasu, iwe ukuyendayenda kulankhula ngati wamisala. Dzina lako ndani?"

Severin anamulambalala. "Musamumvere, make Marselina. Apa ndi pa ofesi ya chama, chipani cholamula chija. Tikhotera kumanzere."

"Ndikulankhula ndi iwe!"

Ndodo inatera pamsana, phwa! Severin anadzandira, maso anachita mdima. Khosi linafuna kutembenuka lokha, lilime linayabwa ndi mawu amene sanenedwa pamaso pa apongozi. Iye, bambo wa imvi zake, kumenyedwa pamsika ngati wakuba chinangwa! Analuma mlomo mpaka kulawa magazi.

"Sizikupweteka," ananong'ona. "Musandisiye, chonde. Tatsala pang'ono."

Ndodo yachiwiri inatera paphewa. Yachitatu sinabwere. Anamva mayi wina akukalipa m'Chiswahili motsitsa mawu, kenako nsapato zija zikubwerera m'mbuyo, poyamba pang'onopang'ono, kenako chothamanga. Severin sanacheuke.

Analowa m'mizere ya nyumba zatsopano, zofanana zonse ngati mazira a nkhuku imodzi. Apa ndiye anachepetsa mapazi, chifukwa munthu wosazolowera akhoza kulowa khomo la eni.

"Yang'anitsitsani bwino, musadzasochere. Iyi ndi ya a Efraimu, osoka maukonde. Iyi ndi ya anthu a ku Ngumbo, sitinazolowerane nawo. Chitsime chili kuseri uko, madzi ake ndi amchere pang'ono, mudzandikhululukira. Yathu ndi iyo ili ndi papaya pakhomo. Ndi yaing'ono, ndikudziwa. Nthochi zanu zija kuno kulibe. Koma ana anu ali muno, ndipo ine ndatopa kugona m'nyumba imene inu simukuidziwa."

Marselina anali atayala mphasa yatsopano pakhomo, atagwada, mwana wodwala uja ali pamiyendo. Ataona magazi pamlomo pa bambo ake anatsegula pakamwa, koma anadzigwira. Anayang'ana dzanja lawo lamanja, misozi ili chuchuchu.

"Takulandirani, amayi," anatero. "Mdzukulu wanu ndi uyu. Simunamuonepo."

"Tafika, make Marselina," anatero Severin. "Lowani."

Anawerama n'kugoneka pamphasapo kanthambi ka msolo kamene anathyola m'mawa uja pamanda a Bibiana. Malole a ujamaa ananyamula amoyo okha, akufa aliyense ankakatenga wake wapansi.